Mphindi Zinayi

Zaka khumi ndi chimodzi ndanyamula nkhalamba za ku Wolverhampton,
kuzidzutsa pabedi, kuzikhazika pampando,
kuzipukuta, kuzipesa imvi.
Mwezi ndi mwezi papepala la malipiro
panali kamzere ka inshuwalansi.
Sindinkakawerenga n'komwe. Ndinkangodziwa kuti kalipo,
ngati ambulera yopachika kuseri kwa chitseko.

Msana unandithyokera Lachitatu, m'bafa ya chipinda 14,
agogo Gwilym ali m'manja mwanga.
Sindinawagwetse.
Zimenezo zilembedwe penapake.

Kalata yoyamba inati tikuunika.
Yachiwiri inati tikuunikabe, tumizani za adokotala.
Yachitatu inabwera ndi chithunzi:
ine, pa Dudley Road, jumbo la anyezi lili kumanja,
pansi pake mawu aulemu kwambiri,
akuti zikuoneka kuti ntchito mungaigwire.

Wakamera uja anandidikira masiku angati m'galimoto?
Ankadya chiyani?
Anajambula mphindi zinayi zimene ndinayenda.
Sanajambule masiku awiri otsatira
ndili gada pakapeti, kuwerenga ming'alu ya kudenga,
mwana wanga Ulemu akundimwetsa tiyi ndi supuni.

Loya wanga, mayi Bhandal, akuti nkhondo yonse
yagona pa mawu ochepa:
"ntchito yanu" kapena "ntchito iliyonse."
Tsamba 37, ndime yachitatu, tizilembo ngati nyerere.
Akuti tisafooke, tikasuma.
Ndikudziwa, mayi, mlandu suwola,
koma lendi simva mwambi,
ndipo mita ya gasi imadya ndalama
ngati nayonso ili ndi ana kumudzi.

Ku Ntcheu akuimba foni, nkhani ya fizi.
Ndimayankha chigonere, mawu okha nditawaimiritsa:
tili bwino kuno, kukungozizira.

Mawa ndikaonekera kwa dokotala wawo,
amene amalipidwa ndi omwe akundikanawo.
Akati weramani, ndiwerama mpaka pomwe misozi iyambire,
iye alemba nambala.
Ndikatchena ati ndachira.
Ndikapita chosasamba ati ndi sewero.
Ululu ulibe lisiti, ndikanawasonyeza.

Choncho usiku uno ndikusita bulauzi yobiriwira
chokhala pansi,
mkono umodzi, ndipume,
mkono winawo.
Makatani ndatseka onse,
angajambulenso ndi izi.