Kutsika Kacholola ndi Matumba Mazana Asanu ndi Limodzi

Lufeyo, tsitsa mapazi, khala tsonga.
Zimitsa wailesiyo.
Kuchokera pano mpaka pa Nyimba
ndifuna kumva injini ikupuma.

Mvula yoyambayi ndi yachinyengo.
Imadzutsa mafuta amene dzuwa la Okutobala
linawotchera pa phula,
msewu n'kusanduka therere.
Iwe ukuona madzi chabe.
Ine ndikumva m'chiuno muno
thirela ikufuna kundipitirira.

Fetereza ali kumbuyoyu alibe chibale.
Pokwera amatikoka malaya,
potsika amatikankha pamsana
ngati anthu a pamzere wa chigayo.
Choncho giya imene wakwera nayo phiri
ndiyo utsike nayo.
Isiye ilire, ibuule, anthu atiseke.

Mabuleki usawaponde ngati ukupha njoka.
Ponda, siya. Ponda, siya.
Akatentha amayamba ndi fungo la chikopa chopserera,
kenako phazi limangolowa
ngati waponda m'dambo.

Gasiano Daka ankadziwa zonsezi.
Ndiye anandiphunzitsa kumanga tenti ya katundu,
ankaimba mluzu posintha tayala.
Tsiku lija anangofuna kukagona kwawo ku Sinda.
Pokhota apo, pamene chitsulo cham'mbali chapindika,
ndinatola nsapato yake imodzi
ndi botolo la tiyi, akadali wofunda.

Foniyo isiye.
Ndi abwana, ali pouma ku Lusaka,
akuwerenga maola pa khoma.
Mawa adzakalipa, ine ndidzamva ndi makutu anga amoyo.

Taona nkhungu yatsika.
Nyali zazikulu muno zimangokubwezera khoma loyera,
yatsa zapansi.
Tsegula zenera pang'ono, khutu lithandize diso.
Nthambi zaziwisi izo pamsewu sizinagwe zokha:
kutsogoloku galimoto ya wina yafa,
ndipo mwini wake ali pansi pake ndi sipanala.

Uyo wa njinga, matumba atatu a makala,
alibe nyali, alibe galasi,
mphepo yathu yokha ingamugwetse.
Mpatse malo.
Ng'ombe za pangolo sizidziwa hutala.
Mbuzi ikadumpha, gwira chiwongolero, usakhote,
mbuzi tidzalipira.

Basi iyo ikutiphethirira nyali kumbuyo.
Ipite.
Sindikodola munthu kuti adutse
pamene ine mwini sindikuona.

Ukuyasamula.
Inenso maso ayamba mchenga,
ndipo tulo sitigogoda, timangolowa.
Pa Nyimba tiima.
Uike mitengo kumatayala,
uzungulire ndi tochi, ugunde lililonse ndi chitsulo,
ukhudze zingwe ngati zalefuka.
Ine ndigula nthochi za Tisauke,
amakonda zazifupi zija, zamawangamawanga.

Ali giredi folo chaka chino.
Amati lole yanga amaidziwa kulira kwake
isanakhote n'komwe ku Kapata.
Sanandifunsepo kuti ndachedweranji.
Amangogwira thumba, n'kuyamba kusenda.

Zaka makumi awiri ndi zitatu pa msewu uno, Lufeyo,
ndipo palibe wandiimbira nyimbo.
Dzina langa silinamvekepo pa wailesi.
Ndifuna zikhale choncho.

Pukuta galasilo, lachita nthunzi.
Kwatsala kutsetsereka kumodzi,
kuja kwa mlatho wopapatiza.
Ukhale maso kumanzere.
Ukaona madzi adutsa pamwamba, undiuze msanga,
tidikira.
Chipata sathawa.