Ukalamba Wophika

Tebulo langa lili pa khonde la sitolo ya nsalu
pamsika wa Nkhotakota, moyang'anizana ndi okonza njinga.
Zaka makumi atatu ndakhala ndikutsinzina diso limodzi
kuti linzakelo lione bwino.

Lachiwiri kudabwera Fanuwelo, mwana wa malemu Chisambiro,
wotchi ataikulunga m'kansalu ngati khanda.
"Ya agogo iyi, adabwera nayo kuchokera ku Joni.
Kuli mzungu ku nyumba ya alendo akuifuna.
Mungolemba kapepala, Che Swalei, koti ndi yamakedzana."

Ndidaika kagalasi pa diso.

Nkhope yake njachikasu, inde,
koma chikasu chofanana ponseponse
ngati sikono yongotuluka mu uvuni.
Dzuwa silipenta choncho, mwana wanga.
Dzuwa limakondera:
limadya mbali yosuzumira kunja kwa mkono wa malaya,
inayo n'kuisiya mumthunzi.
Ndidanunkhiza. Masamba a tiyi.
Kautsi ka koloboyi chapatali.

Zokandika za pa galasi zonse zaloza kumodzi
ngati mizere ya m'munda wa mlangizi.
Sandipepa ali ndi mwambo. Moyo ulibe.
Moyo umakanda ndi chitseko cha basi,
ndi msomali wa pa benchi ya kuchipatala,
lero uku, chaka chamawa uko,
chipsera pamwamba pa chipsera chinzake.
Ndidaitembenuza: kumsana kuli see!
Munthu wa mumgodi asasiye mchere wa thukuta?
Agogo akowo ankakumba golide ali m'firiji?

Sadayankhe. Ndidatsegula dirowa.

Muli wotchi ya amuna a NaChikuse,
kalaliki wa pa sikelo ya mpunga.
Mayiyo adaisiya chaka cha njala
kuti ndiipukute iwale, apeze wogula.
Ndidakana kuipukuta. Ndidawabwereka ya chimanga.
Mpaka lero sadabwerenso.

Taona, ndidatero, kachitsulo kopukusiraka
kaperepeseka mbali imodzi yokha:
bamboyo anali wamanzere.
Pa nambala seveni pali kadontho ka dzimbiri,
mvula ina idalowa osaodira.
Mivi yasuluka, koma waufupi wasuluka kwambiri,
sindidziwa chifukwa chake,
ndipo kusadziwako ndiye umboni.
Chabodza chimafotokozeka chonse.

Tsono ona lamba.
Bowo lachitatu latanuka, zaka zambiri za mkono wonenepa.
Lachinayi latanuka pang'ono.
Lachisanu pang'ono chabe.
Lomalizali adaboola okha ndi msomali,
mkono utatsala fupa.
Ndiuze, ndi tiyi wanji angaphike zimenezi?

Fanuwelo adayang'ana lambayo nthawi yaitali.
Kenako maso adakwera, nafika pamutu panga.
"Nanga inu, Che Swalei,
tsitsi lakuda bii pa msinkhu wanuwo?"

Okonza njinga adaseka mpaka kugwetsa sipanala.

Ndi zoona. Loweruka lililonse ndimagula kapaketi ka dayi.
Iye amaphikira wotchi zaka zomwe ilibe,
ine ndimabisa zomwe ndili nazo,
ndipo mkazi wanga, wopanda ngakhale kagalasi,
amaona imvi zikumera kunsi ngati mizu ya anyezi.

Ndidatsegulabe wotchi yakeyo.
M'kati muli mtima watsopano, wotchipa, wosalakwa,
ukugunda bwinobwino, osataya mphindi,
osadziwa bodza lomwe aupaka kumaso.

Kapepala sindilemba, ndidamuuza.
Ivale. Ukalime nayo, ukakwatire nayo,
uiiwale padzuwa tsiku lochapa,
mwana wako adzaigwetse pa simenti.
Zikatha zaka makumi atatu udzabwere nayo.
Ukadzapeza pakhonde pano pali wogulitsa mafoni,
usadzadandaule:
mkono wako udzakhala utalemba kale.

Adaimanga pa dzanja, bowo lachiwiri,
nalowera kokwerera basi.

Ndidapukusa ya kalaliki uja, monga ndichitira m'mawa uliwonse,
ngakhale unali kale usana.
Imatsalira mphindi zinayi pa tsiku.
Sindiikonza.