Dzanja Lopanda Mwini

Mu msewu wa Rockey, kuseri kwa shopu ya Tesfaye,
komwe makina osindikizira amatentha ngati mbaula,
ndimagulitsa dzanja lomwe si langa.
Limakhala m'kompyuta. Silitopa, silinjenjemera mu Juni.
Zilembo zake n'zopendekera kumanja
ngati munthu wothamangira takisi ya ku Bree:
g mchira wautali, wopindika,
t wadulidwa mwachangu,
l wagwira e paphewa ngati akuchokera kumowa.
Ukaziona umati wina walemba ataimirira,
bolopeni yobwereka, pepala pabondo.

Anthu amalikonda.
Nangondo wa saluni akuti mitengo ya mameshi ilembedwe nalo,
zilembo zowongoka zimathawitsa makasitomala,
zimanunkha ku ofesi ya mapasipoti.
Che Ajibu atelala analiika pa malebulo a madiresi.
Makadi a ukwati, chikwangwani cha tchipisi ndi mazira,
chipinda cha lendi, mbeta yokha, yosamwa.
Koma pa risiti ayi, pa kalata yofunsira ntchito ayi.
Dzanja ili ndi lanthabwala, silivala taye.

Ine bodza lake ndimalidziwa.
Yang'anitsitsani: a uyu ndi a uyo ndi mapasa,
palibe amene anagonapo ndi njala.
Bambo anga akamalemba kalata ku Balaka
a woyamba ankakhala wonenepa,
wa kumunsi kwa tsamba wowonda, inki ikutha,
ndipo pa mawu akuti ngongole
pepala linkabooka.

Lachiwiri kunabwera mnyamata, simenti ili m'nsidze.
Mkulu wake, Lingstone, wagwa pa sikafodi ku Midrand.
Akufuna mapulogalamu a maliro makumi asanu
bokosi lisanakwere thirela Lachisanu.
Ndinamuonetsa zilembo zaulemu, zakuda bii, zoima njo.
Anapukusa mutu, n'kuloza zopendekera zija.
Achimwene anali oseka, anatero.

Ndinataipa dzina, tsiku lobadwa, mudzi, boma.
Nditafika pa Malaŵi, kompyuta inalavula kabokosi kopanda kanthu
pamalo pa ŵ.
Amene anajambula dzanjali, kaya ali dziko liti,
sanamvepo kuti w wathu amavala chipewa.
Ndinati, mphwanga, ambiri masiku ano sachiikanso.
Anatulutsa kapepala kothimbirira m'thumba la ovolosi,
keyala ya kumudzi, dzanja la malemuyo.
Chipewa chinalipo, chokhala pambali ngati cha kondakitala.

Ndinasindikiza w wosavala.
Kenako tinakhala pa makatoni, aliyense bolopeni yake,
kuveka zipewa chimodzichimodzi,
ine makumi atatu, iye makumi awiri.
Zina zinapendama. China chinagwera pa i.
Zake zinali zazikulu ngati denga la nyumba yomwe sinathe,
ndipo pa china panadontha kanthu, inki n'kuyenderera.

Tesfaye anasuzumira, akufunsa ngati makina afa.
Ndinati ayi bwana, tikungomalizitsa.
Kunja matakisi ankaliza mahutala,
mnyamata akuuzira pepala lomaliza kuti liume.