Kumezanitsa

Magetsi abwera cha m'ma leveni.
Luchenza yense ali mtulo,
kupatula agalu a kusiteshoni, ine,
ndi laputopu yanga yong'aluka pakona.

Pulogalamu yolembera makilo a tiyi
pano ikuyenda ngati madzi a mu Thuchila.
Koma dzulo Namasiku anaimba ali ku Thekerani:
"Achemwali, kuno yakana.
Yangolavula mizere yofiira."
Makina awo anasiyidwa ndi bungwe lina
lomwe linalongedza kalekale.
Kompaila yake sidziwa mawu atatu
amene ine ndinaphunzira chaka chatha
n'kumanyadira.

Ndafukula.
Pansi pa khodi yanga pali laibulale ya wina,
pansi pa iyoyo pali inanso,
ndipo pansi penipeni pali kaulusi kamodzi
kopotedwa ndi munthu amene sindidzamuona,
yemwe tsiku lina anatopa, nalemba:
zakale sitizisamalanso.
Sindikumuda. Ankamulipira ndani?
Nanga ine?

Bambo anga, a Mukhuwa,
anakalambira kunazale ya makademiya.
Ankacheka tsinde mopendeka,
kulowetsa kanthambi kachilendo,
kukulunga ndi kapulasitiki, kulembapo tsiku.
Pa mitengo khumi, itatu inkakana.
Sankaitukwana.
Ankangoti makungwa sanapsompsonane,
ndipo tsinde usalinyoze, mwanawe,
ndilo limadziwa dothi.

Ndiye ndakhomera veshoni pamalo amodzi, isasunthe.
Mawu atatu aja ndawamasula,
ndawanena m'chinenero cha makina okalamba,
motalika, mosakongola.
Ndamanga ya Linakisi: yadutsa.
Ya Windozi: yafa pa mzere 412
chifukwa cha kandodo kopendekera kolakwika.
Ndakonza. Ya pafoni yayamba kulira.
Ukatseka apa, chiswe chimatulukira uko.

Bandulo yatsala pang'ono.
Chiperoni chalowera pansi pa chitseko,
zala zauma.

Folo koloko, zonse zitatu zabiriwira.
Chigamba changa ndachitumiza kwa eni laibulale
ndi kakalata kaulemu:
kuno makina akale akadali pantchito,
amayeza thukuta la anthu.
Kaya ayankha.

Kukacha ndipereka fulashi kwa Likoswe wa njinga yamoto,
aikulunge m'jumbo, mvula ingainyowetse.
Kenako ndidikira foni,
monga bambo ankazungulira nazale sabata yachitatu
manja kumbuyo,
kusuzumira ngati kamphukira katuluka
pamwamba pa bala.