Mlatho Wapapepala

Ine ntchito yanga ndi sikelo.
Pamsika wa Ulongwe ndimakoleka matumba a kachewere pa mbedza,
muvi ukaima ndimatchula nambala, basi,
wina akwiye, wina amwetulire.
Wailesi yanga imakhala pa thumba la anyezi,
mlongoti wake ndi sipoko ya njinga.

Lachitatu lija munali aphungu m'menemo,
akulankhula ku Maputo, kumene phazi langa silinapondeko.
Chipwitikizi changa ndi cha pamsika,
chimathera powerenga ndalama,
ndiye Delisiyo, mwana wa mlongo wanga,
anavundikira dengu, n'kukhalapo, n'kumatitanthauzira.

Akuti aimirira Mayi Ortensiya Chimbalanga, a mbali yotsutsa.
Akuti atsegula buku la bajeti, lonenepa ngati njerwa ziwiri.
Akuti akufunsa za mlatho wa pa Kamwankhuku.

Tonse tinatula matumba pansi.

Akuti m'bukumo mlathowo unatha chaka chatha,
mametikali mamiliyoni makumi anayi.
Akuti chaka chino boma likupemphanso ena asanu
oti liupake penti.

Amosi Kadzakumanja anaseka mpaka kutsamwa.
Lole yake yagona katatu tsidya lija,
matayala m'thope, kachewere akumera maso m'matumba.
Anati: andiuzeko mtundu wa pentiyo,
kapena ndimaudutsa osauona
poti ndi wofanana ndi madzi.

Kenaka inaimirira nduna, mawu osalala ngati sopo wonyowa.
Delisiyo anakanda m'mutu:
Malume, mawu enawa kusukulu sitinafikepo.
Akuti chuma chakula.
Akuti malasha a ku Moatize akutsikira kunyanja sitima ndi sitima.
Akuti tidekhe, zipatso zili m'njira.
Amosi anati: zikadzera njira yathuyi zikaolera pamtsinje.

Mayi aja anadzukanso.
Lisiti lili kuti?
Womanga mlathoyo dzina lake ndani?
Simenti inagulidwa sitolo iti?
Mafunso atatu okha, aafupi ngati misomali,
koma matebulo anayamba kulira, phi phi phi,
belu linalira pamwamba pake,
ndipo izi ndinazimva ndekha popanda Delisiyo:
nthawi yanu yatha.
Manja anakwera, anawerengedwa,
buku linadutsa louma, osavula nsapato.

Ndisaname, mayiwa sindinawavotere.
Malaya ndavalawa ndi a chipani chinacho,
anandiponyera ali pa galimoto, kolala inatha kale.
Nawonso mayiwa chipitire chisankho
fumbi la galimoto lawo sitinalionenso kuno.

Koma ndikudziwa chinthu chimodzi.
Chaka ndi chaka amabwera bambo wina wa ku khonsolo,
wosaseka, wonunkha fodya,
ndi miyala yake yachitsulo m'kabokosi.
Amaikoleka pa mbedza yanga anthu akuona.
Sindimukonda, nayenso sandikonda,
tsiku limenelo sindidya bwino.
Komabe akanapanda iyeyo
kilo yanga ikanaonda pang'onopang'ono,
ine mwini n'kumalumbira kuti ndi yonenepa.

Sikelo ya ku Maputo ija,
imene imayeza msonkho wa tebulo langa,
wa mchere, wa mafuta a lole ya Amosi,
mwala wake ndi mayi wa mafunso atatu
amene amuuza kuti akhale pansi.

Madzulo Amosi anapeza anyamata asanu ndi mmodzi
osenza matumba pamutu kuwoloka Kamwankhuku,
mametikali makumi awiri thumba limodzi,
madzi a m'chifuwa, mathalauza atamangidwa m'khosi.
Delisiyo anatola chikatoni, n'kuyamba kugawa ndi khala.
Anafufuta kawiri.
Malume, ndalama za mlatho zija
zikanawolotsa matumba mamiliyoni awiri.

Ndinamuuza atseke wailesi, mabatire ndi odula.
Iye anapinda chikatonicho n'kuchiika m'chikwama cha mabuku,
pakati pa masamu ndi mbiri ya dziko.