Matope a ku Makhanga

Madzi ataphwa tinabwerera,
ine ndi mlamu wanga Zuze, fosholo imodzi, ndowa ziwiri.
M'nyumba matope ankalekeza m'mawondo
koma sanali a mtundu umodzi.

Pakhomo panali mchenga wa Shire.
Wayenda ulendo wautali umenewo,
miyala yaupera mpaka nsonga zonse zinatha,
kanjere kalikonse n'kobulungira ngati dzira la mlamba.
Kungouthira madzi umagubuduzika wokha,
sudikira mnzake,
umatuluka osatsanzika.

Kuchipinda kunali wa Ruo,
wothyoka dzana lomweli m'phiri, wakuthwa, wamakona.
Zuze anakankha ndi mphamvu, fosholo inaima nji.
Ndinaponda, pozungulira phazi panauma mbee,
nditanyamula phazi madzi anabwerera.
"Ameneyu ukamufulumiza amalumana mano," anatero,
"umunyengerere ngati ng'ombe ya ngolo pa Okutobala."

Dongo ndilo linatimaliza msana.
Ndinalifikisa pa zala, silinakhakhale,
timamba tophwatalala, tochepa kuposa ta makakana.
Likakhala phee timambato timatsamirana,
ena chagada, ena cham'mbali,
upendeke ndowa, palibe chotsika.
Koma ulivundule ndi mpini:
tonse timatembenuka kuloza kumodzi
ngati matemba okwera mtsinje,
dongo n'kusungunuka, n'kuthamanga.
Upume kuti upukute thukuta,
lagwirananso.

Ndiye panali thonje la chaka chatha
lomwe tinasiya m'thumba kuseri kwa chitseko.
Ulusi wochepa chabe,
koma unakola mchenga, unakola dongo, unakola zinyalala za bango,
ngalande yathu inatsamwa katatu dzuwa lisanapendeke.

Madzi ndi omwewo, Zuze.
Ndowa zikulemera chimodzimodzi.
Nanga bwanji ina ikhuthuka, ina ikana?

Usiku, pa khonde la sukulu pomwe tinkagona,
anawerenganso mayina a ofuna kusamukira kumtunda.
Anyamata a kwa Fombe anagubuduzika kale, ali ku Nchalo akudula nzimbe.
Bambo Alufandika anakankhidwa ndi mawu, anauma nji.
Mkazi wanga Esinta sanayankhule,
anatsamira mng'ono wake,
mng'ono wake anatsamira khoma,
ndipo kuseri kwa khomalo, kupitirira mpanda,
pansi pa matope atsopano,
pali kamtumbira ka mwana wathu.

Wolemba mayina anandiyang'ana, cholembera chili m'mwamba.
Ine ndinayang'ana m'zikhadabo zanga.
Dongo linali litauma mmenemo,
likunyezimira pang'ono ndi kuwala kwa tochi.