Kabokosi ka ku Highfield

Ndinafika ku Harare ndi chikwama chimodzi,
foni yong'aluka galasi
ndi nambala ya msuweni wanga Gelesomu.
Usiku woyamba iye anati:
zisiye zija za mabwana akutali,
zokuonetsa malonda a nsapato ukangolota nsapato.
Bwera kwathu.

Kwathu kwakeko kunali kabokosi kakuda
pansi pa tebulo la Mai Shupikai,
namwino wa ku Parirenyatwa,
kolumikizidwa ku batire la sola.
Anthu mazana atatu amasungitsamo mawu awo.
Kena kali ku Bulawayo, kena ku Lusaka,
kena kutali kogwa chipale,
ndipo timabokosito timapalana moto
ngati anthu oyandikana makomo,
popanda landilodi wa tonse.

Pakhomo panali malamulo asanu ndi awiri.
Ndinawerenga awiri,
ndinadina kuti ndavomera.

Sabata yachiwiri ndinalemba Chishona changa chotsimphina,
kufunsa pokwerera kombi ya ku Msasa.
Wina wa kubokosi lachilendo anayankha:
mubwidi, bwerera kwanu.
Ndinawayang'ana mawuwo
mpaka tiyi anazizira m'kapu.

Kutacha anali atachoka,
pamalo pake pali uthenga wa Shupikai:
Taona. Eni bokosi lija tawalembera katatu, ali duu,
ndiye chipata chawo tatseka.
Kombi ukakwere pa Fourth Street.
Tsiku limenelo ndinayenda mumzinda
ngati munthu amene ali ndi kwawo.

Koma chala n'chopupuluma.
Lachisanu lina pa msewu wa Seke
lole inagunda mnyamata wogulitsa nthochi.
Ndinajambula. Ndinatumiza osaphimba:
magazi, nsapato imodzi, nthochi zili mbwee pa phula.
Mphindi khumi zisanathe, chithunzi chabisidwa.

Ndinapsa mtima.
Ndinalemba ndi zilembo zazikulu:
anakusankhani ndani?
Dzulo munali chishango changa,
lero mwasanduka loko pakamwa panga?

Yankho linabwera tambala woyamba asanalire,
pakati pa wodwala ndi wodwala:
Anandisankha ndi anzakowa, mwezi wa Malichi,
ndipo angathe kundichotsa.
Werenga lamulo lachisanu.
Mwanayo ali ndi amake, nawonso ali ndi foni.
Ukaona kuti takulakwira, Loweruka pali msonkhano,
kapena nyamula anzako onse usamukire bokosi lina,
tidzamvanabe pampanda.

Sindinasamuke.
Ndinakhala pa masitepe a kumbuyo
n'kuwerenga asanu otsala aja,
pang'onopang'ono, ngati kalata ya ngongole.

Mu Juni magetsi anathima masiku awiri,
batire linatha mphamvu,
anthu mazana atatu tinangoti zii.
Tinasonkha dola dola.
Gelesomu ananyamula batire latsopano pamutu
kuchokera ku Gazaland,
ine pambuyo ndi mawaya.
Ndipo ndinakaona ndi maso anga kabokosi kaja:
fumbi pamwamba, mphaka atagona pambali,
kuchepa ngati buledi wa theka.

Tsopano Lachinayi usiku mlonda ndine.
Madandaulo amabwera ngati udzudzu,
ena oona, ena a nsanje chabe,
ena sindidziwa, ndimawasiyira m'mawa.
Dzulo mlendo wa ku Mutare
wandifunsa ndi zilembo zazikulu kuti anandisankha ndani.
Ndalemba yankho, ndafufuta,
ndalembanso.
Tiyi wazizira.